Cursor yosowa pa terminal: zimene ndinapeza pa ofesi ina ku Katoto

Iyi ndi ntchito imene ndinagwira mu July 2024 pa ofesi ina yogula mbewu kwa alimi ku Katoto, muno mu Mzuzu. Ndimawasamalira makompyuta koma sindikhala pamenepo, ndimapita akandiitana. Anandiitanira nkhani yaing'ono: cursor, kabokosi kophethira kamene kamasonyeza pamene munthu ukulemba, inkasowa pa terminal, windo imene timalembamo malamulo a kompyuta. Pofika Lachisanu la sabata imeneyo ndinali nditapeza kuti mafayilo atatu a backup, makope osungira marekodi, anali oduka, ndipo chimene chinawadula n'chomwecho chimene chinkasowetsa cursor. Ndalemba zonse, ngakhale njira zimene sizinandifikitse kulikonse, chifukwa panatsala pang'ono kuti nditseke nkhaniyi tsiku loyamba ndi mzere umodzi, ndipo ndikanatero zoonongekazo sitikanazidziwa.

Malo ndi anthu ake

Ofesiyo ili ndi seva imodzi, kompyuta yakale ya patebulo imene imakhala m'kachipinda ka kumbuyo pamodzi ndi masikelo ndi masaka. Marekodi a alimi, malisiti ojambulidwa ndi maakaunti zonse zimakhala mmenemo. Kwa zaka zambiri inkayendera CentOS 7, mtundu wina wa Linux. Chisamaliro cha CentOS 7 chinatha pa 30 June 2024, choncho kumapeto kwa June ndinasamutsa zonse n'kuikamo Ubuntu 24.04.

Amayi oyang'anira maakaunti amalowa pa sevayo ndi SSH, njira yolamulira kompyuta ina uli patali, kuchokera pa laputopu yawo, ya Ubuntu nayonso, pa GNOME Terminal. Madzulo alionse amalumikiza diski ya m'manja ku seva, amayendetsa script (fayilo ya malamulo oyenda motsatizana) ya backup, ikatha amazula diskiyo n'kupita nayo kwawo ku Mchengautuwa, kuti kukagwa moto kapena akuba marekodi asathere malo amodzi. Script imeneyi inalembedwa ndi amene ankagwira ntchitoyi ine ndisanabwere. Ikamayenda imaonetsa kandodo kozungulira pa sikirini kuti munthu adziwe kuti sinaime.

Palinso mnyamata wa ku depoti yawo ya ku Ekwendeni, amene amalowa pa seva yomweyo kudzera pa intaneti ya pafoni. Za iyeyo ndinena kumapeto, chifukwa vuto lake linkaoneka chimodzimodzi koma muzu wake unali wina.

Dandaulo

Anandiimbira Lachiwiri m'mawa.

"Achimwene, kaja kamaphethira kaja kasowanso."

"Kati, amayi? Kamuvi ka mausi?"

"Ayi, kamuvi kalipo. Ndikunena kabokosi kamene kamasonyeza pamene ndikulemba. Ndikulemba ngati wakhungu."

Funso limenelo ndimafunsa nthawi zonse, chifukwa anthu amatchula zinthu ziwirizi ndi dzina limodzi pamene matenda ake ndi osiyana. Mawu oti "kasowanso" ndinawamvetsetsa. Kanali kachitatu m'mwezi umenewo, ndipo maulendo awiri oyambawo sanandiuze poganiza kuti ndi zazing'ono. Chinawachititsa kuimba n'choti dzulo lake anabweza lamulo lakale la `cp`, lokopera mafayilo, ndi batani la muvi wa m'mwamba, n'kubwerera m'mbuyo kuti asinthe deti pa dzina la fayilo, akuwerenga zilembo mumtima popeza sankaona pamene ali. Anaphonya ndi chilembo chimodzi ndipo anafufuta lipoti la Lachisanu poikapo la Lolemba. Analinalo pa pepala, analilembanso, koma linawadyera m'mawa wonse nyengo yogula soya ili pachimake, alimi ali pa mzere panja.

Tsiku loyamba

Ndinafika pa kabaza, kukuwaza kamvula kozizira ka July kamene a ku Mzuzu timakadziwa. Ndinawapempha pa foni pomwepo kuti asatseke windo ya terminal, ndipo sanatseke. Ichi chinathandiza kwambiri. Ambiri amazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, iwe n'kufika kulibe choona.

Ndinalemba `ls`. Zilembo zinaoneka, lamulo linayenda. Pamenepo ndinachotsa matenda ena amene amafanana ndi awa, amene munthu ukalemba sipaoneka kalikonse koma ukadina Enter lamulo limayenda. Amenewo amabwera pulogalamu ikazimitsa echo, monga pofunsa pasiwedi, n'kufa isanayatsenso, ndipo mankhwala ake ndi `stty echo` kapena `stty sane`. Kuno zilembo zinalipo. Chosowa chinali kabokosi kokha.

Ndinakayikira mitundu. Zimachitika kuti munthu wasintha maonekedwe a terminal, cursor n'kukhala yoyera pa sikirini yoyera. Ndinayang'ana m'makonzedwe a GNOME Terminal, palibe chinasinthidwa. Ndinaganizanso za driver ya sikirini. Koma zonse ziwirizi zinagwa ndi chinthu chimodzi chophweka: nditatsegula tab yatsopano m'windo yomweyo, cursor inalipo, ikuphethira bwinobwino. Mitundu yake yomweyo, driver yomweyo, laputopu yomweyo. Tab yakale yokha ndi imene inali yodwala.

Chinanso n'choti tab yakaleyo sinalinso pa seva. Amayiwo amangotseka laputopu madzulo osatseka windo, SSH imaduka usiku, m'mawa amapeza abwerera pa shell (pulogalamu yolandira malamulo) ya laputopu yawo. Cursor inasowa ali pa seva, koma kusowako kunatsala pa laputopu. `clear` sinathandize kanthu.

Apa amayiwo ananena mawu amene anandifupikitsira njira, okhudza htop, pulogalamu yoonetsa zimene zikuyenda pa kompyuta. "Ulendo watha ndinatsegula htop ija munandionetsa, nditadina q kanabwerera kokha."

Ndinalemba `tput cnorm`. Cursor inabwerera nthawi yomweyo.

Kuti zimveke chifukwa chake, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Windo imene timaitcha terminal ndi pulogalamu yotsanzira makina enieni akale, sikirini ndi kiyibodi zolumikizidwa ndi waya ku kompyuta yaikulu. Odziwika kwambiri anali a kampani ya Digital Equipment Corporation: VT100 ya 1978 ndi VT220 ya 1983. Pa waya umodzi womwewo pankadutsa zilembo zoti zioneke komanso malamulo olamula makinawo. Lamulo limayamba ndi chilembo chosaoneka cha ESC, nambala 27, chimene m'ma script timachilemba `\033`. Kuyambira pa VT220 pali malamulo awiri a cursor, amene dzina lake ndi DECTCEM:

```
\033[?25l    bisa cursor
\033[?25h    onetsa cursor
```

Chomaliza pa mzere woyambawo ndi l wamng'ono, si nambala 1. Terminal ikalandira loyambalo imabisa cursor n'kusunga zimenezo mpaka italandira lachiwiri. Ilibe nazo ntchito zoti watuma ndani, kaya akadali moyo, kaya ali pa laputopu kapena ali pa seva kumapeto kwa waya. Mapulogalamu ojambula pa sikirini monga htop amabisa cursor poyamba kuti isamadumphedumphe, ndipo potuluka amaibweza. N'chifukwa chake kutsegula htop n'kutuluka kunkachiritsa: amayiwo anabwereka lamulo lobweza la pulogalamu ina. `tput` nayo imangofunsa m'nkhokwe ya terminfo kuti terminal ya mtundu umene walembedwa mu `TERM` imamva lamulo liti. Pa laputopuyo `TERM` inali `xterm-256color`, ndipo `tput cnorm | cat -v` inaonetsa `^[[?12l^[[?25h`.

Choncho cursor sinatayike. Inabisidwa mwadala ndi pulogalamu imene sinabwerere kudzaiulula.

Pali mankhwala odziwika amene aliyense wa ntchitoyi amawadziwa. Umaika mzere uwu mu `.bashrc`:

```
PROMPT_COMMAND='printf "\033[?25h"'
```

Ukatero shell ya bash imaonetsa cursor nthawi iliyonse isanakupatse mpata wolemba, ndipo dandaulo limatha kwamuyaya. Ndinatsegula fayiloyo pa seva, ndinaulemba mzerewo, koma sindinausunge. Chinandigwira dzanja ndi mawu aja oti "kachitatu m'mwezi uno". Amayiwa agwira ntchito pa sevayi zaka zambiri osaona zimenezi, ndipo chinthu chokha chimene chinasintha mwezi umenewo ndi chimene ndinasintha ine. Pulogalamu imene yaiwala kubweza cursor ndi pulogalamu imene sinafike kumapeto kwa ntchito yake, ndipo ndinafuna kudziwa kuti pa ntchito imene inasiyidwayo panalinso chiyani.

Woyamba kumukayikira anali script ya backup, popeza ili ndi kandodo kozungulira kaja. Tinalumikiza diski, ndinaiyendetsa amayiwo akuona. Inatenga mphindi pafupifupi makumi awiri, inatha, cursor inabwerera. Ndinaiyendetsanso. Chimodzimodzi. Ndinabwerera kunyumba ndilibe wolakwa.

Kutchera msampha

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndisanachoke ndinasiya terminal yawo ikujambulidwa ndi lamulo la `script`, limene limasunga chilichonse chodutsa pa terminal, chooneka ndi chosaoneka chomwe:

```
script -a -f -q ~/mbiri.txt
```

Ndinawafotokozera kuti zonse zooneka pa windo imeneyo zikulembedwa m'fayilo pa laputopu yawo yomweyo, kuti tidzaifufuta tikatha, ndipo anavomera. Ndinawapempha kuti azigwira ntchito monga mwa masiku onse.

Lachitatu kunalibe kanthu. Lachisanu m'mawa anaimba. Nditafika ndinawerengetsa malamulo awiri aja m'fayilomo:

```
grep -ao $'\e\[?25[lh]' ~/mbiri.txt | cat -v
```

Anatuluka awiriawiri, l kenako h, l kenako h, mpaka womaliza amene anali l yekha wopanda mnzake. Ndinatsegula kumapeto kwa fayiloyo ndi `cat -v`. Pakati pa phokoso la `^[[?2004h` ndi `^[[?2004l`, amene ndi malamulo a bash okhudza kumata zolemba ndipo alibe mlandu pa nkhaniyi, panali dzina la script ya backup, kenako `^[[?25l`, kenako kandodo kaja katazungulira kambirimbiri, kenako zilembo ziwiri: `^C`.

"Amayi, dzulo munadina Ctrl ndi C backup ili mkati?"

"Eya. Magetsi anazima, batire ya UPS inayamba kulira. Amene analipo inu musanabwere anandiuza kuti zikatero ndidine Ctrl C, ndidikire mpaka mzere wolembapo ubwere, ndizule diski ndizipita. Ndakhala ndikuchita choncho zaka zonsezi. Ndalakwitsa?"

Sanalakwitse, ndipo ndinawauza pomwepo. Sanandiuze za Ctrl+C Lachiwiri chifukwa kwa iwo inali njira yovomerezeka, yosagwirizana ndi kabokosi kosowa m'mawa mwake. Inenso sindinafunse. Ndinafunsa kuti "munayendetsa chiyani", sindinafunse kuti "chinatha bwanji".

Apa m'pamene ndinawerenga script yonse modekha, zimene ndinayenera kuchita mu June. Mbali yofunika ndi iyi:

```
#!/bin/sh
maliza() {
    if [ "$zatha" != inde ]; then
        kill "$pid"
        wait "$pid"
        rm -f "$fayilo"
    fi
    umount /mnt/backup
    tput cnorm
}
trap maliza EXIT
tput civis
tar czf "$fayilo" /srv/data &
pid=$!
```

Amene anailemba anali munthu wosamala. Anaganizira zoti wina adzaidula pakati. `trap maliza EXIT` ikutanthauza kuti shell ikamatuluka iyambe yayendetsa `maliza`, ndipo `maliza` imachita zinthu zinayi: imaimitsa tar (pulogalamu yolongedza mafayilo a backup), imafufuta fayilo yosamaliza, imamasula diski, kenako imabweza cursor. Malangizo amene anapatsa amayiwo anali olondola pa makina amene analipo nthawi imeneyo.

Ndinaiyendetsa, ndinadina Ctrl+C patapita masekondi ochepa. Mzere wolembapo unabwera nthawi yomweyo, wopanda cursor. `echo $?` inapereka 130, kutanthauza 128 kuphatikiza 2, nambala ya SIGINT, chizindikiro chimene Ctrl+C imatumiza. `maliza` sinayende n'komwe.

Ndinayang'ana mzere woyamba wa script, `#!/bin/sh`, kenako ndinalemba `ls -l /bin/sh`. Yankho linali `/bin/sh -> dash`.

Pa CentOS, `/bin/sh` ndi bash. Pa Ubuntu ndi dash, ndipo zakhala choncho kuyambira Ubuntu 6.10 mu 2006. Dash ndi shell yaing'ono, yothamanga, yochokera ku ash imene Kenneth Almquist analemba mu 1989. Ambiri timadziwa kuti script yolembedwa m'kalembedwe ka bash yokha imakana kuyenda pa dash, ndipo imakana mofuula, ndi uthenga pa sikirini. Script iyi inalibe kalembedwe koteroko, inali yoyera, choncho inayenda osadandaula. Kusiyana kwake kunali kobisika. Bash ikaphedwa ndi SIGINT imayamba yayendetsa trap ya EXIT isanafe. Dash imayendetsa trap ya EXIT ikamatuluka yokha, pofika kumapeto kapena pokumana ndi `exit`. Chizindikiro chikaipha imangofa. Aliyense angayese pa makina ake:

```
bash -c 'trap "echo ndamaliza" EXIT; sleep 30'
dash -c 'trap "echo ndamaliza" EXIT; sleep 30'
```

Mukadina Ctrl+C, yoyambayo imalemba "ndamaliza", yachiwiriyo silemba kanthu. Si kuti dash ndi yoonongeka, ndi mmene inapangidwira. Script ndi imene inkadalira chifundo cha bash popanda kunena.

Cursor inali chinthu chachinayi pa mndandanda wa `maliza`. Ngati chachinayi sichinachitike, zitatu zoyambazo sizinachitikenso. Ndinalemba `ps aux | grep tar` mtima uli m'mwamba. Tar inalipo, ikuyendabe, ikulembabe pa diski, nyali ya diskiyo ikuphethira patebulo la kumbuyo.

Wina angafunse kuti bwanji Ctrl+C sinaphenso tar, poti chizindikirocho chimapita kwa gulu lonse la mapulogalamu amene ali kutsogolo. Yankho lili pa kachizindikiro ka `&`. Malamulo a POSIX, muyezo umene ma shell amenewa amatsata, amati script ikayambitsa pulogalamu kumbuyo ndi `&`, pulogalamuyo imayamba ili yogontha ku SIGINT ndi SIGQUIT. Ndiye Ctrl+C inkapha kapitawo n'kusiya wantchito akulimabe. Amayiwo ankaona mzere wolembapo wabwera, monga anaphunzitsidwira, n'kupita kukazula diski imene inali isanamasulidwe ndiponso ikulembedwa.

Ndinaimitsa tar, ndinamasula diski, n'kuiyeza ndi `fsck`. Inakonza zimene inapeza, diskiyo inali yamoyo. Kenako ndinayesa fayilo iliyonse ya mwezi umenewo:

```
for f in /mnt/backup/*.tar.gz; do gzip -t "$f" || echo "YODUKA: $f"; done
```

Kupatula ya kuyesa kwanga, mafayilo atatu anapereka `unexpected end of file`. Imodzi inali ya dzulo lake. Ziwirizo madeti ake anagwirizana ndi masiku amene amayiwo ankakumbukira kuti cursor inasowa. Ulendo wina wotsalawo fayilo inapezeka yathunthu. Amayiwo anakumbukira kuti tsiku limenelo anachedwa pakhomo akulankhula ndi mlimi asanakazule diski, ndipo zikuoneka kuti tar inapeza mpata womaliza yokha. Mafayilo odukawo anali ndi maina abwinobwino, deti lake lolondola, kukula kwake kooneka ngati kwanzeru kwa munthu wongoyang'ana mwachangu. Palibe chimene chinatayika, chifukwa seva inali bwino ndipo tinapanga backup yathunthu tsiku lomwelo. Koma seva ikanafa m'mawa wotsatira limodzi la masiku amenewo, amayiwo akanabwera ndi diski m'chikwama ali ndi chikhulupiriro chonse, ife n'kupeza fayilo yothera pakati.

Mlandu wa zimenezi ndi wanga. Nditasamutsa seva ndinayesa backup kawiri, ndinabwezeretsanso mafayilo kuchokera mmenemo kuti ndione ngati akutseguka. Koma ndinayesa njira imene zonse zimayenda bwino yokha. Sindinaidule pakati, m'dera limene magetsi kuzima madzulo si nkhani yachilendo.

Kukonza

Panali njira zitatu. Yoyamba, kusintha `/bin/sh` ya makina onse kuti iloze ku bash. Imeneyi ndinaikana, chifukwa ndi kugwetsa nyumba pofuna kupha khoswe, ndipo wodzasamutsanso sevayi adzagwa m'dzenje lomweli. Yachiwiri, kusintha mzere woyamba kukhala `#!/bin/bash`. Imeneyi ikanagwira. Ndinasankha yachitatu, younikira script poyera zoyenera kuchita pa chizindikiro chilichonse, kuti isadalire khalidwe la shell iliyonse:

```
trap maliza EXIT
trap 'exit 129' HUP
trap 'exit 130' INT
trap 'exit 143' TERM
```

Tsopano chizindikiro chikabwera, shell siphedwa. Imachigwira, imaitana `exit` yokha, ndipo `exit` imadzutsa `maliza`, pa dash ndi pa bash pomwe. Ndinaika manambala 129, 130 ndi 143 kuti wofunsa `$?` azidziwabe chimene chinaimitsa ntchito.

Ndinasinthanso zinthu ziwiri. Tar tsopano imalemba pa dzina lothera ndi `.part`, ndipo fayilo imalandira dzina lake lenileni pokhapokha tar itatha bwino ndipo `gzip -t` itavomereza. Izi n'zofunika chifukwa pali imfa zina zimene trap singazigwire: `kill -9`, kapena batire ya UPS kutha seva n'kuzima. Zikatero chotsala pa diski chimadziulula chokha ndi dzina lake. Chachiwiri, `tput cnorm` ndinaisiya dala kumapeto kwenikweni, ndipo imayenda pokhapokha `umount` itatheka. Ikakanika, script imalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti diski isazulidwe, ndipo cursor imakhalabe yobisika. Ena a ntchito yathu sangagwirizane nane pamenepa, adzati terminal iyenera kubwezedwa mmene inalili zivute zitani. Pa pulogalamu yogawira anthu ambiri ndikuvomereza. Pa ofesi iyi, kabokosi kameneka n'kamene kanatichenjeza, ndipo amayiwo akukadziwa tsopano kuposa uthenga wina uliwonse. Pa chifukwa chomwecho mzere uja wa `PROMPT_COMMAND` sindinauike pa seva.

Ndinayesa njira zinayi amayiwo ali pambali panga: kuisiya ithe yokha, Ctrl+C, `kill` kuchokera pa tab ina, ndi kutseka windo ili mkati. Pa zinayi zonsezi tar inaima, diski inamasuka, sipanatsale fayilo yoduka. Pa `kill -9` cursor inasowa ndipo `.part` inatsala, monga ndinkayembekezera. Ndinawaonetsa zimenezo dala, kenako ndinawalembera pa kapepala kamene anamata pamwamba pa seva: cursor ikapanda kubwerera, musazule diski, imbani foni.

Za ku Ekwendeni

Amayiwo atamuuza mnyamata wa ku depoti za nkhaniyi, anati nayenso zimamuchitikira kawirikawiri, ndipo iye sayendetsa backup. Sindinapiteko, tinakambirana pa foni ndipo ananditumizira chithunzi cha sikirini.

Iye akatumiza marekodi a tsikulo amasiya htop ili yotsegula pa seva kuti aone ngati ntchito yowalowetsa yatha. Netiweki ya pafoni ikagwa, sikirini imauma kwa nthawi yaitali, kenako pamatuluka mawu oti `client_loop: send disconnect: Broken pipe` pakati pa mizere ya htop, cursor kulibe. Pa chithunzicho panalinso chinthu chimene ku Katoto kunalibe: pa mzere wolembapo panali zinyalala zonga `0;45;12M0;45;12m`.

"Achimwene, zimenezo zimabwera ndikadina mausi. Ndiye ndimangotseka windo n'kutsegula ina."

Apa palibe pulogalamu imene inaiwala kanthu. Htop inabisa cursor, inasamukira pa sikirini yachiwiri ya terminal ndi lamulo la `?1049h`, inapemphanso terminal kuti iziiuza pamene mausi yadinidwa. Malamulo obweza zonsezi anayenera kudutsa pa netiweki yomweyo imene yaduka. Trap ya mtundu uliwonse pa seva singathandize, chifukwa mlatho wapita ndi madzi uthenga usanaoloke. SSH ikamatuluka imabweza makonzedwe a kiyibodi monga echo, koma za cursor ndi mausi sizidziwa, inkangonyamula zilembo osaziwerenga. Manambala aja ndi terminal ikunenabe kuti mausi yadinidwa pa danga la 45, mzere wa 12, kwa pulogalamu imene kulibenso.

Kukonza kwake kunayenera kuchitikira pa laputopu yake. Mankhwala a msangamsanga ndi `reset`, imene imabweza zonse koma imafufutanso zimene zinali pa sikirini. Kuti asamavutike ndinamutumizira izi kuti aike mu `.bashrc` yake, azilowa pongolemba `seva`:

```
seva() {
    ssh seva
    [ $? -eq 255 ] && tput rmcup
    printf '\033[?1000l\033[?1006l\033[?25h'
}
```

SSH imatuluka ndi 255 pakakhala vuto la kulumikizana, ndipo pamenepo pokha m'pamene timatuluka pa sikirini yachiwiri. Sindinafune kuti lamulo limenelo liziyenda nthawi zonse, chifukwa limabwezanso cursor pa malo amene inasungidwa kale, ndipo likatumidwa popanda chifukwa zolemba zimatha kukwerana. Mu `~/.ssh/config` tinaikamo `ServerAliveInterval 15`. Popeza `ServerAliveCountMax` imakhala 3 ukapanda kuisintha, SSH imazindikira pakatha masekondi pafupifupi 45 kuti mnzake kulibe, m'malo momuumitsira sikirini. Ndinamuphunzitsanso kuti akafuna kutuluka msanga adine Enter, kenako `~`, kenako kadontho. Ntchito yolowetsa marekodi tsopano amaiyendetsa mkati mwa tmux, pulogalamu yosunga terminal ili yamoyo pa seva, kuti netiweki ikagwa ipitirire, iye akabwerera alembe `tmux attach`.

Ndinamufunsa ngati netiweki inadukapo marekodi akulowa, ntchitoyo isanakhale mu tmux. Anati mwina kamodzi. Tinafananitsa chiwerengero cha malisiti a m'buku lake la pa depoti ndi cha pa seva cha mwezi wonse wa July. Zinagwirizana.

Zotsatira

Ndinapitanso ku Katoto pakati pa August. Amayiwo anali atadina Ctrl+C kawiri m'masabata amenewo, ndipo maulendo onse awiri cursor inabwerera patapita masekondi angapo, diski itamasuka. `gzip -t` inavomereza mafayilo onse, panalibe `.part` ngakhale imodzi. Fayilo ya `mbiri.txt` tinaifufuta limodzi.

Tsiku lomwelo ndinafufuza ma script ena onse pa sevayo ndi `grep -l 'trap.*EXIT' /usr/local/bin/*`. Anatuluka ena awiri oyamba ndi `#!/bin/sh`. Imodzi imangofufuta mafayilo osakhalitsa mu `/tmp`, ndinaiwonjezera mizere itatu ija. Inayo ndi yotseka maakaunti a mwezi: poyamba imaika fayilo ya loko kuti anthu awiri asaiyendetse nthawi imodzi, ndipo imaichotsa mu trap ya EXIT. Ikanadulidwa pakati, loko akanatsala, ndipo mwezi wotsatira ikanakana kuyenda ponena kuti wina akuigwiritsa ntchito. Iyi ilibe kandodo kozungulira ndipo sibisa cursor, choncho pakanakhala popanda chooneka pa sikirini mpaka tsiku lolipira alimi. Ndinaikonza, ndinaidula pakati katatu poyesa, loko anachoka maulendo onse atatu. Amayiwo anaiyendetsa okha kumapeto kwa August ine ndili pa foni, ndipo inatha bwino.